Chulu Chomwe Chinasendera

Mwina mwamva kale, poti tauni yonse ikunong'onezana zomwezi kuyambira Lolemba: ati chulu cha m'bwalo lathu chinayenda. Kogula buledi akunena, pamlatho akunena, ngakhale azimayi osambira m'mamawa aja akunena ali m'madzi mpaka m'khosi. Ena ati chinasendera chokha poti pansi pa tauni yathu panali nyanja kale, nthaka yake siigona. Koma ambiri akandiona ndikubwera pa njinga amatsitsa mawu n'kuyamba kukamba za mvula, ndiye ndimangodziwa kuti anali pa dzina la bambo anga.

Ine ndine Fenneke. Ndili ndi zaka sikisitini, sukulu ndinaisiya chaka chatha chifukwa ine ndi masamu sitinkamwerana madzi. Ndimakazinga chipisi ndi kutsuka makapu m'kantini ya bwalo. Amanditcha Wailesi, ndipo sindikana. Nkhani ikalowa m'khutu mwanga imandiyabwa mpaka itulukire pakamwa.

Bwalo lathu ndi limodzi koma eni ake ndi awiri, ndipo sapatsana moni. Kuyambira Seputembala mpaka Malichi ndi la ampira wamiyendo. Kunja kukayamba kufunda limakhala lathu ife a besibo, mpira woponya n'kumenya ndi chibonga uja. Amene amalivula malaya ena n'kuliveka ena ndi bambo anga, a Wessel Dijkhuis, omwe alisamalira kwa zaka twente-thuu. Epulo akafika amazula magolo, mizere yoyera amaipaka zobiriwira, amavundukula mbale ya pansi pomwe womenya amaima, kenaka amakoka ndi thirakitala chulu cha dothi lofiira chomwe woponya amaimapo. Chulucho chinamangidwa pa chithireyi chachitsulo, ndipo nyengo yozizira yonse chimagona kuseri kwa shedi chitafunda lona. Kuchokera pachulu kufika pambale pamayenera kukhala mamita 18 ndi masentimita 44. Kuno, ku Japani, kaya kumwezi, muyeso ndi womwewo.

Chaka chino mchimwene wanga Joppe wakhala akuponya ngati wolodzedwa. Akatiponyera kuno kwathu, omenya ankangomva mphepo, mpira uli kale m'manja mwa wogwira. Anthu ankabwera ndi mabasi kudzamuona. Madzulo dzuwa likatsika kuseri kwa mipando ya kumadzulo, dothi lofiira lija linkawala pansi pa mapazi ake, iye ali chiimire wamtali ngati kakowa, ndipo ine ndinkaiwala chipisi m'mafuta. Lamulungu lapitali kunabwera mzibambo wa ku Amereka wofufuza osewera. Anaonera mpaka kumapeto akutafuna chingamu, osaomba m'manja. Anthu atabalalika anatsikira m'bwalo ndi kachipangizo kowalitsa kadontho kofiira, n'kuyeza. Anayezanso. Chulu chinali pafupi ndi mbale ndi masentimita makumi anayi, kutalika kwa mkono wanga kuchokera pachigongono kufika kunsonga ya zala.

Woika chulu ndi bambo, woponya ndi mwana wawo. Aliyense anadziwerengera yekha.

Lolemba a khonsolo, omwe ndi eni bwalo enieni, analanda bambo makiyi n'kunena kuti Lachisanu masana adzagamula. Ntchito ikatha, nyumba yathanso, poti timakhala m'kanyumba ka njerwa ka pageti pabwalo pomwepo. Amayi sitikuwawerengera, ali kutali, mumzinda wa Groningen, ndi bambo wogulitsa mabwato uja, imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

*

Wofufuza amene a khonsolo anatumiza anali mayi Statia. Anabadwira pa chilumba cha Curaçao, anagwira upolisi zaka makumi atatu, ndipo atapuma anayamba kuyimbira besibo. Amayenda pang'onopang'ono ngati akuopa kudzutsa udzu, m'thumba muli maswiti akuda amchere nthawi zonse. Lachiwiri m'mawa anandipeza ndikusesa pakhomo pa kantini, anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi, n'kunena kuti akufuna munthu wodziwa amene amadana ndi yani m'bwalo muno.

"Ndiye mwafika," ndinatero.

"Ndamva. Makutu ubwere nawo, pakamwa upasiye pomwepa."

Kunali chifunga cha kungalande, chija chimakwawa pa udzu n'kubisa mawondo a anthu. Bambo anali atakhala pa chidebe kunja kwa shedi yomwe analibenso kiyi wake. Bambo anga salankhula. Chaka chonse mawu awo angakwane m'kapu imodzi ya khofi. Mayi Statia atawafunsa kuti amayeza bwanji, anangoloza kukhoma ndi chibwano. Titatsegula, chingwe chinali pa msomali wake: chingwe chopyapyala chakuda ndi phula, kunsonga zonse ziwiri kuli mphete zamkuwa. Anachisiya ndi malemu amene ankasamalira bwalo bambo asanayambe, ndipo naye anachipeza. Mphete imodzi umaikoleka pa chikhomo cha pambale, n'kukoka, pomwe mphete inayo yafika ndi pomwe woponya aime. Tepi yoyezera m'shedi imeneyo sinalowemo chiyambire.

Anawafunsa tsiku lomwe anaika chulu, anati pa 3 Epulo. Anawafunsa amene anali nawo, anati anali okha. Anawafunsa ngati anachisunthapo pambuyo pake, anapukusa mutu. Anawafunsa amene ali ndi makiyi ena a shedi, anatambasula zala ziwiri, ndiye ine sindinapirire, ndinawayankhira kuti mmodzi ali ndi a Vermaat, wapampando wa ampira wamiyendo, wina amapachikika pa mbedza kuseri kwa firiji ya m'kantini. Mayi Statia anandiyang'ana, ndinatseka.

Tinachitambasula chingwecho pa simenti, ine nsonga iyi, bambo nsonga iyo, mayi Statia n'kugoneka tepi yawo pambali pake. Chinaperewera ndi masentimita makumi anayi. Ndinati basi wina anadula, bambo apulumuka. Koma mayi Statia anagwada, mawondo akulira, n'kuyang'anitsitsa mphete imodzi, kenaka inayo. Pomwe chingwe chinamangidwa ku mphete panali ndere yobiriwira ya mkuwa, yakalekale, itagwirana ndi phula ngati chinthu chimodzi. Palibe amene anamasulapo pamenepo chibadwire ine. Anayendetsa maso pa chingwe chonse. Panalibe mfundo ngakhale imodzi.

Anatulutsa switi n'kuliika m'tsaya.

"Wailesi, chingwe chosadulidwa kunsonga, chopanda mfundo pakati, chimafupika bwanji?"

Ndinagwada pambali pawo n'kuchiyang'ananso kuchokera kumphete mpaka kumphete.

*

A Vermaat tinakawapeza ku sitolo yawo ya matayala ndi mafiriji. Ndi aja a mimba yotsogola, oyankhula ngati aliyense ali kutsidya kwa bwalo. Asanafunsidwe n'komwe anayamba okha: ati iwo akhala akunena kwa zaka khumi kuti masewera a chibonga akuononga udzu, ati dothi lofiira limatsalira pakati pa bwalo anyamata awo n'kumaterereka, ati khonsolo ikanakhala ndi nzeru ikanayala udzu wapulasitiki n'kuwatumiza achibongawo kubusa la ng'ombe. Ati za a Wessel akumva chisoni, koma munthu ndi mwana wake, mukudziwa.

"Si iwe wa chipisi chopsereza uja?" anandifunsa.

"Chopsereza chomwecho mumabwereza kawiri," ndinatero, mayi Statia n'kundiponda phazi.

Za kiyi anavomera. M'shedi amasungamo maukonde ndi mbendera za m'makona, mbali yawo ya kumanzere, ndipo pali lamulo lolembedwa pachitseko kuti wa miyendo asakhudze za kumanja. Iwo ati chikhalire sanakhudzepo ngakhale msomali. Pa 3 Epulo anali ku Spain, anatulutsa foni kutionetsa zithunzi, iwo ofiira ngati nkhanu yowiritsa, mayi a kunyumba atavala chipewa. Anationetsa zithunzi zokwana makumi awiri tisanapemphe.

Mayi Statia anangofunsa ngati nyengo yozizira yapitayi kunachitika chachilendo chilichonse m'bwalo. A Vermaat anati ayi. Anaganiza pang'ono n'kubwerezanso kuti ayi, kenaka anayamba kupukuta firiji yoyera kale.

Tili panja ndinawauza mayi Statia zonse zomwe ndikudziwa za a Vermaat, kuphatikizapo za mlongo wa mkazi wawo, koma iwo anati zimenezo ndisunge. Chomwe anaona iwo n'chakuti sanawafunse za Epulo, bamboyo anathamangirako yekha, pomwe za nyengo yozizira anazidumpha ngati chithaphwi.

*

Joppe ndinamupeza masana kuseri kwa mipando, pomwe ngalande imadutsa. Sanadye kuyambira Lamulungu. Anali kuponya timiyala m'madzi, abakha n'kumaganiza kuti ndi buledi. Ndinamubweretsera sangweji ya tchizi, anangoigwira. Anandiuza kuti chilimwe chonse wakhala akulota maloto amodzi, ali pa chulu cha bwalo lalikulu lopanda denga, anthu ambirimbiri koma osamveka phokoso, mpira ukuchoka m'dzanja lake pang'onopang'ono ngati mwezi. Tsopano akalota, mbale imakhala ikuthawa.

"Kodi ndine katswiri, Fen, kapena ndimangoima pafupi?"

Ndinamuuza kuti ngakhale koyenda, pa mabwalo a ena, amapambana. Anati koyenda amapambana ngati munthu wamba. Kenaka ananena motsitsa kuti zikapezeka kuti bambo ankadziwa, golovesi yake aiponya m'ngalande momwemo ndipo sadzawatchulanso bambo. Joppe si wolumbira. Ali ngati bambo, akanena wanena.

*

Mayi Truus ndi bwana wanga m'kantini, ndipo kunena zoona miseche ndinaphunzira kwa iwo. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo amayamba ndi mawu oti "ine sindinena za anthu." Lachitatu anathirira mayi Statia khofi, anaika bisiketi imodzi pambali, n'kunena kuti iwo sanena za anthu, kiyi wa kuseri kwa firiji aliyense amamudziwa, ngakhale mphaka. Koma ngati akufunsa za nyengo yozizira, nanga angaiwale bwanji chimphepo cha mu Januwale chija?

Ine tsiku la chimphepolo ndinali chigonere ndi chimfine, sindinaone kanthu, ndiye ndinatchera khutu. Ati linali Loweruka m'mawa, mphepo inanyamula golo la kumpoto lonse ndi ukonde wake, inaliwolotsa mpanda n'kuliponya m'ngalande. Bambo anga anali atapita kukagula mbewu ya udzu. Ampira wamiyendo anali ndi masewero masana, ndiye anathamangira kukalivuula, azibambo asanu ndi mmodzi, madzi oundana m'mbali. Ati analowa m'kantini atanyowa ngati agalu, mayi Truus n'kuwapatsa supu wa nsawawa wokhala ndi soseji. A Vermaat analephera kugwira supuni, zikhatho zitasupuka, mzere wakuda utadutsa pakati.

"Wakuda?" anafunsa mayi Statia.

"Wakuda bii, mayi. Ndinawapatsa batala kuti achotsere. Thaulo langa mpaka lero likununkha msewu watsopano."

Anawafunsa kuti azibambowo analikoka ndi chiyani gololo. Mayi Truus anati iwo anali pa mphika, sanaone. Chomwe anaona n'chakuti mbale za supu anathira zisanu ndi imodzi koma zinadyedwa zisanu. Ya amalume a Sietse inazizira pa tebulo. Amalumewo anatsalira m'shedi, chitseko chotseka, kwa maola awiri, ndipo potuluka anali kuimba mluzu ngati munthu amene wapambana lotale.

Mayi Statia anasiya bisiketi yawo yolumidwa theka. Anapita ku galimoto yawo, anatenga chingwe chija, ndipo nthawi ino sanachiyang'ane, anangochikoka pakati pa chala chachikulu ndi cholozera, pang'onopang'ono, mita ndi mita. Chakumapeto kwa theka loyamba zala zawo zinaima. Anandipatsa kuti ndikhudze. Ndi maso sumaona kanthu. Koma pamenepo chingwecho chinali cholimbirapo pang'ono, ngati msempha.

*

Amalume a Sietse si amalume anga, ndi amalume a tauni yonse. Ali ndi zaka seventefaifi, anakulira pa ngalawa yonyamula mchenga, ndipo mpaka lero amakhala m'bwato pansi pa mlatho wachitatu, ndi maluwa m'zitini ndi galu wosamva. Kwa ampira wamiyendo amachapa yunifomu ndi kusoka maukonde. Tinawapeza akusenda anyezi wodyera nsomba zaiwisi, madzi akuponya kuwala kogwedera padenga la bwato, mwakuti nkhope yawo inkaoneka ngati ili pansi pa mtsinje.

Atangoona chingwe m'manja mwa mayi Statia nkhope yonse inamwetulira.

"Mwapapeza? Ayi, simunapapeze. Tandionetsani pomwe mukuganiza."

Atawalozera, anakhumudwa pang'ono, n'kunena kuti zala zawo zakalamba, zaka khumi zapitazo ngakhale dokotala sakanapapeza. Kenaka anafotokoza okha, mosangalala, ngati akusimba za ukwati wa mwana wawo. Ati golo litagwera m'madzi panalibe chokokera, a Vermaat anathamangira m'shedi n'kutsomphola chingwe cha a Wessel pa msomali. Atakoka kachitatu chinaduka pakati. A Vermaat anatuwa, poti lamulo la pachitseko analisaina ndi iwo omwe, ndipo anafuna kuchimanga mfundo n'kuchibwezera. Amalumewo ati anakwiya. Mfundo ndi ya anthu a kumtunda. Chingwe chabwino chotero, cha masiku omwe zingwe zinali zingwe, umachilumikiza. Umamasula nkhosi zake mbali zonse, n'kuzilowetsana, iyi kulowa pomwe yatuluka inzake, mtunda wautali, mpaka bala litatsekeka. Akatero amapaka phula pang'ono, amachipondaponda ndi nsapato, basi, chabadwanso.

Mayi Statia anafunsa mofatsa ngati kulumikiza kotero kumadya chingwe.

"Kumadya, nanga chilumikizana ndi mpweya? Chotere chimadya ngati apa." Anaika chala pachigongono changa, china kunsonga ya zala zanga.

"Nanga amalume, mumadziwa kuti chingwe chimenechi ntchito yake ndi yotani?"

"Chingwe ntchito yake ndi kukoka, mayi."

Amalume a Sietse chibadwire sanaonerepo besibo, ati ndi masewera a anthu oima. Wailesi ya tauni, ndiye kuti ine, sinafike pansi pa mlatho wachitatu. Mayi Statia atawauza zomwe zachitika, amalumewo anaika mpeni pansi. Misozi inatsika, iwo anati ndi anyezi. Kenaka anavala jekete la tchalitchi pamwamba pa ovololo, nati tiyeni kwa a Vermaat, akanene ndi pakamwa pawo chifukwa chimene akhalira chete masiku atatu munthu akutaya nyumba.

Zomwe zinachitika ku sitolo ya mafiriji ndazinena kale kwa anthu okwana makumi atatu, ndipo nthawi iliyonse zimakoma kuposa poyamba. Mwachidule, a Vermaat anavomera zobwereka chingwe, analumbira kuti za kufupika sanaziganizire mpaka Lamulungu, ndipo atafunsidwa chifukwa chimene sananenere Lamulungu lomwelo, anayang'ana firiji.

*

Lachinayi tauni inatembenuka ngati chitumbuwa m'mafuta. Omwe ankatsitsa mawu aja anayamba kundiitana kuti ndiwafotokozere bwino. Wa ku Amereka uja anatumiza uthenga kuti chulu chikabwerera pamalo pake adzabweranso kudzamuona Joppe, poti mkono anauona, chomwe akufuna kudziwa ndi mtima. Joppe anadya mbale ziwiri za mbatata yosinja ndi kabichi. Atamaliza anaima kumbuyo kwa mpando wa bambo n'kuwagwira paphewa, ine ndekha ndi amene ndinalira m'malo mwa onse.

Mayi Statia anati lipoti lawo latha, latsala dzina lawo pansi. Adzasaina Lachisanu m'mawa akaona ndi maso kuti chulu chabwerera pa muyeso, kenaka masana adzalipereka ku khonsolo. Funso limodzi lokha ndi lomwe anawafunsanso bambo pageti, ngati miyezi isanu yonseyi sanaonepo chachilendo. Bambo anati anakhulupirira chingwe. Mayiwo anagwedeza mutu n'kulemba. Pochoka anandiuza kuti ndili ndi maso abwino kuposa pakamwa, ndipo ngati pali china chomwe ndaona iwo sanaone, ndiwauze asanasaine.

Lachisanu tinadzuka sikisi koloko. Chifunga chinali chochindikala kuposa masiku onse, mipando yonse itasowa, nyali zazitali zija zikungooneka mitu ngati zikuyandama. Mizere yakale ya mpira wamiyendo, yomwe bambo anaipaka zobiriwira mu Epulo, inkaonekera m'mame, mabwalo awiri wina pansi pa mnzake. Ndinanyamula fulasiki ya khofi. Bambo anakoka chulu ndi thirakitala n'kuchiika pambali kaye, kuti ayeze pa udzu wopanda kanthu. Joppe anagwada pambale ndi tepi yatsopano ya khonsolo, yachikasu, n'kuyamba kulimbana nayo poti inali itakodwa m'chikwama chake.

Bambo sanadikire. Anaima pambale, chikhomo chachitsulo chili m'dzanja, n'kuyamba kuyenda kulowa m'chifunga, ine pambuyo ndi khofi. Sanali kuwerenga mapazi. Sanali kuyang'ana pansi n'komwe, ankayang'ana akakowa awiri omwe anatera pakati pa bwalo, ndipo anandifunsa ngati ndathira shuga. Ali mkati mofunsa choncho anangoima, ngati munthu amene wafika pakhomo pake mumdima, anawerama n'kubaya chikhomo pa udzu. Kenaka analandira kapu.

Patapita kanthawi Joppe anaitana kuti tepi yamasuka, ndibwere ndidzatenge nsonga. Ndinapita, ndinaikoka, iye atatsala pambale, osaoneka, mawu okha. Ndinayenda chobwerera m'mbuyo, manambala akutuluka, khumi, khumi ndi zisanu, 17, 18. Ndinakoka kuti iwongoke, n'kuigoneka pa udzu.

Mamita 18 ndi masentimita 44 anagwera pamutu pa chikhomo cha bambo. Osati pafupi. Pamutu penipeni.

Ine masamu anandikana, koma awa ndinawamva. Munthu amene mapazi ake amadziwa malo amenewa m'chifunga, akukamba za shuga, sangaime mkono wathunthu patsogolo pake pa 3 Epulo osamva kanthu. Sangatchetche udzu pozungulira chulucho m'mawa uliwonse kwa miyezi isanu osamva kanthu. Chingwe sanadule ndi iwo, zoona. Anangochipeza chitafupika, anayang'ana pomwe mphete yagwera, ndipo mwina anaganiza za mwana wawo amene wakhala akuponya mpira kukhoma la shedi kuyambira ali ndi zaka zisanu.

Ndinadzutsa mutu. Bambo anali kundiyang'ana pamwamba pa kapu, nthunzi ikukwera pankhope pawo. Sanadabwe, sanapepese. Anawerama pang'onopang'ono, anazula chikhomo chija, anachipukuta pa buluku n'kuchiika m'thumba, kenaka anaponda kabowo ndi chidendene.

"Khofi wakoma," anatero.

Kugeti kunamveka chitseko cha galimoto, kenaka mapazi oyenda mosafulumira pa miyala. Kumbali inayo, m'chifunga, Joppe anafuula mosangalala, mawu omwe sindinawamve chiyambire Lamulungu.

"Wailesi, bwanji wazima? Zakwana kapena ayi?"

Ndinali chigwadire, tepi ili m'manja, mawondo atanyowa ndi mame. Kumanzere kukubwera mayi Statia ndi cholembera, kumanja kuli mchimwene wanga ndi golovesi yake, pakati pali bambo anga ndi kanyumba kathu ka njerwa, ndipo nkhani ili pa lilime langa ikuyabwa kuposa zonse zomwe ndinanyamulapo. Inu amene mwandimvetsera mpaka pano, tandiuzani msanga asanafike: ndiyankhe kuti chiyani?